Lupanga ili ndi lakaledi kapena landipusitsa ndi dzimbiri?

Moni nonse. Ndithandizeni, mutu waima. Ndimakhala ku Glasgow, ndipo ndagula lupanga la ku Scotland, lija lokhala ndi zitsulo zolukana ngati dengu zotchinga dzanja. Pampeni pake palembedwa Andrea Ferrara, dzina la katswiri wakale wosula malupanga. Wogulitsa akuti ndi la nthawi ya nkhondo ya Culloden, yomwe inachitika ku Scotland mu 1746.

Ndinalijambula n'kukayerekeza ndi malupanga a ku nyumba yosungira zinthu zakale ya National Museum of Scotland, osapezabe yankho. Wogulitsayo sakuyankhanso foni. Ndikudziwa kuti mipeni yambiri yolembedwa dzinali inkasulidwa ku Solingen, ku Germany, koma opanga amakono amalembanso lomweli.

Chondikayikitsa n'chakuti kumapeto kwa chigwiriro kuli nati yomanga ndi sipanala, ndipo dzimbiri lake n'lofanana paliponse, ngati lopaka dala. Inu odziwa, ndiyang'ane pati kuti nditsimikize?