Abwana alandidwa laisensi, kodi bambo a kunyumba angabwerebe?

Wobisa dzina: A Admin ndibiseni chonde. Abale anga muli ku UK ndithandizeni nzeru, tulo sindikugona. Ndinabwera mu November 2023 pa visa ya care, ndimasamalira okalamba cha ku Midlands. Bambo a kunyumba ndi ana awiri ndinawasiya ku Chilomoni, tinagwirizana kuti ndiyambe ndabweza ngongole ya tikiti kenako anditsatire. Pano kampani yathu a Home Office (unduna woona za ma visa) ayilanda laisensi yolembera antchito ochokera kunja, ine andilembera kalata kuti visa yanga yatsala ndi masiku 60. Nyumba ina ya okalamba yavomera kunditenga, koma mnzanga akuti ndikangosintha abwana ndiwerengedwa ngati watsopano, ndiye lamulo loletsa kubweretsa banja lindigwira. Wina akuti ndiyenera kumalandira £29,000 pachaka, ine sindifikako. Zoona ndi ziti? Kwa apongozi ayamba kale kunena kuti ndawathawira mwana wawo.

Nesi wa ku Leeds: Achemwali pumani kaye. Chiletso chija chinayamba pa 11 March 2024, ndipo chimagwira amene anapempha visa ya care kuyambira tsikulo. Inu munalowa 2023, ufulu wobweretsa banja mukadali nawo ngakhale musinthe abwana, bola ntchito ikhale ya care yomweyo ndipo visa isaduke pakati. Za £29,000 zija ndi za amene ali ndi unzika kapena ILR (chilolezo chokhazikika ku UK) akafuna kuitana mkazi kapena mwamuna, zinakwera kuchoka pa £18,600 mu April 2024. Inu sizikukukhudzani.

Wobisa dzina: Zikomo asisi, mtima wakhalako pansi. Ndiye ndiyambe ndi ziti, zanga kapena za bambowo?

Nesi wa ku Leeds: Zanu! Iwo visa yawo imakolekera pa yanu. CoS yatsopano (chikalata chimene abwana amapereka kuti mupemphere visa) ituluke, mupemphe visa masiku 60 asanathe, muonenso kuti nyumbayo inalembetsa ku CQC, bungwe loyang'anira ntchito za care ku England. Kenako iwo ndi ana akayezetse TB, pakhalenso umboni wa ndalama: £285 ya bambo, £315 mwana woyamba, £200 wachiwiri.

Malume wa ku Luton: Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akupatseni CoS, thawani, nzosaloledwa. Chitsekereni njira yotenga ma carer kunja pa 22 July 2025, ma ejenti akudyera anthu osweka mtima ngati inuyo. Mphwanga anapereka ndalama zambiri, pepala silinaoneke mpaka lero.

Mayi wa ku Glasgow: Za pagulu pano zikhale zongokutsegulani maso, kalatayo muonetse loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku IAA, bungwe loyang'anira alangizi a za ma visa. Koma apongoziwo bwanji, ndalama mukatumiza amakana?

Wobisa dzina: Amalandira ndithu mayi. Mawa ndiimbira a HR za CoS, ndidzakuuzani.