Chitseko chakale cha mzikiti wathu, tigulitse kapena tisunge?

mwana_wa_kwaMponda:
Asalamu aleikum abale. Kumudzi kwathu chakumtunda kwa Mpondasi tikugumula mzikiti wakale uja wa zidina kuti timange wa njerwa zootcha, ndiye komiti yagula kale zitseko zachitsulo. Koma chitseko chakalecho ine chikundiwawa mumtima. Ndi cha mbali ziwiri, cholemera moti anyamata awiri sanyamula, chosemedwa nyenyezi za nsonga 8 zolumikizana ndi mizere yopingasa kuyambira pamwamba mpaka pansi, pamphuthu yapamwamba pali zilembo zachiarabu zofufutika. Agogo amati anachipeza chilipo iwo ali ana a madrasa. Tsopano kwabwera munthu wogula zinthu zakale akuti atipatse ndalama zokwanira malata, ena akuti tigulitse, ena akuti tichipale ndi sandipepa nkupaka vanishi. Odziwa tandithandizeni, tingadziwe bwanji kuti ndi chakaledi, ndipo titani nacho?

kalipentala_wa_pa_Soko:
Waleikum salam achimwene. Choyamba chenicheni, sandipepayo asayandikire chonde, mukapala mwachotsa umboni wonse ndipo m'mbali mwa nyenyezimo mudzafafanizika osabwereranso. Tembenuzani chitsekocho muone kumbuyo. Ngati thabwa lili ndi timaenje tosalala ngati mafunde ndiye kuti anasema ndi kasemasema, pamanja, makina amasiya mizere yofanana yokhayokha. Muonenso misomali, yakale inali yosula, ya ngodya zinayi, mitu yake yosafanana. Komanso zitseko zambiri zakale zinalibe mahinjesi, thabwa lenilenilo limakhala ndi kamutu pamwamba ndi pansi kolowa m'dzenje la mphuthu nkumazungulira momwemo. Mtengo mwina ndi mlombwa kapena mbawa, mlombwa chiswe sichiukonda ndiye nchifukwa chake chakhala zaka zonsezi. Pukutani ndi burashi yofewa basi, osathira madzi, ndipo muchichotse pansi chikhale pa njerwa pamthunzi.

aphunzitsi_a_History:
Zimene mwafotokozazi zili ndi mbiri yake ndithu. M'zaka za m'ma 1800 mafumu achiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankachita malonda ndi anthu a ku Kilwa ndi Zanzibar, minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kunyanja yamchere, nsalu, mikanda ndi mfuti kubwera kuno, ndipo Chisilamu ndi kamangidwe kachiswahili zinadzera njira yomweyo Harry Johnston asanakhazikitse Fort Johnston (Mangochi wa lero) mu 1891. Ku Zanzibar chitseko chinali ulemu wa mwini nyumba, makamaka Sultan Seyyid Said atasamutsira likulu lake kumeneko kuchoka ku Muscat cha m'ma 1840. Zitseko zachiarabu zimakhala za ngodya zinayi ndi mawu a mu Qur'an pamwamba, zachimwenye zimakhala zokhota pamwamba zili ndi zisonga zamkuwa, zinachuluka nthawi ya Sultan Barghash amene analamulira kuyambira 1870 mpaka 1888. Koma ine sindikuganiza kuti chanucho chinanyamulidwa pamutu kuchokera kugombe ulendo wa miyezi, ndikuona ngati mmisiri wakuno kapena Mswahili wokhala kuno anasema ndi mtengo wathu womwewu. Kwa ine zimenezo ndiye zikuchipatsa mtengo woposa, chifukwa ndi ntchito ya manja a makolo athu. Mudziwenso kuti lamulo la Monuments and Relics Act sililola kutulutsa zinthu zakale kunja kwa dziko popanda chilolezo, ndiye musanayankhe wogulayo pitani ku Lake Malawi Museum, nyumba yosungirako zinthu zakale ku Mangochi, pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria paja, muwaonetse zithunzi.

chemwali_wa_ku_Namwera:
Aphunzitsi ndikuwonjezereko pang'ono. Ine ndinayendako ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, pokaoda nsalu, zitseko zakumeneko zambiri ndi maluwa, masamba ndi unyolo wozungulira mphuthu, nyenyezi zolumikizana sizichuluka kwenikweni. Nyenyezi zimenezo kwawo ndi ku Egypt, Morocco ndi Turkey. Ndipo chimene chimandisangalatsa nchakuti zonsezo amajambula ndi kampasi ndi rula basi, ujambule bwalo, uike masikweya awiri wina wopendekeka pamwamba pa mnzake, yatuluka nyenyezi ya nsonga 8, kenako utalikitse mizere ija ikakumane ndi ya nyenyezi ina, choncho choncho osatha, ndipo mumzikiti zimakwana bwino poti simuikidwa zithunzi za anthu kapena nyama. Ku Turkey ali ndi luso lotchedwa kündekari, tizidutswa tambirimbiri ta matabwa tolowetsana mopanda msomali kapena guluu, kuti kukatentha kapena kukachita chinyezi thabwa lizipuma osang'ambika. Mimbari (gome lolalikirapo) ya mu mzikiti wa Al-Aqsa ku Jerusalem, imene anapangira ku Aleppo ndipo Sultan Salahuddin anakaiika mu 1187, inali ya mtundu umenewu, inapsa ndi moto mu 1969. Ndiye achimwene tayang'anani bwino, nyenyezi zanuzo ndi zosemedwa pa thabwa limodzi kapena ndi tizidutswa tolumikiza? Ndipo zilembozo awerengetseni ashehe achikulire masana dzuwa likuwala chammbali, nthawi zina pamakhala chaka cha Hijra (cha pa kalendala ya Chisilamu) kapena dzina la mmisiri.

mwana_wa_kwaMponda:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakaona madzulo ano, ndi thabwa limodzi mbali iliyonse, kumbuyo kuli timaenje ta kasemasema tija ndipo mahinjesi palibe. Tachiika pa njerwa m'chipinda cha madrasa. Lachisanu tikatha Juma ndikapempha komiti kuti amisiri asiye khomo limodzi mkati, lolowera kuchipinda cha imamu, pa muyezo wa chitsekochi. A kalipentala, mungabwere kudzayeza mphuthu asanayambe kuyala njerwa?