MVP wa 2022: Judge kapena Ohtani?

Wofunsa: Abale, za baseball ya ku America mu 2022 zimandiwawabe mumtima. Shohei Ohtani wa timu ya Angels anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo) 34, poponya mpira n'kupambananso masewera 15. Munthu mmodzi ntchito ya anthu awiri! Nanga MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi, anapatsiranji Aaron Judge wa timu ya Yankees?

Woyankha 1: Achimwene, Judge anamenya 62, kuposa 61 ya Roger Maris ya mu 1961, yomwe inali rekodi ya ligiyo. Usiku umenewo ndinachezera pafoni, maso ali gwa, bandulo mpaka kutha. Komanso Yankees inafika ku ma playoff (masewera omaliza olimbirana chikho), Angels ayi.

Woyankha 2: Timu ikafooka mlandu ukhale wa Ohtani? Mphotoyi ndi ya munthu, osati timu.

Woyankha 3: Amavota ndi atolankhani 30, ma playoff asanayambe. 28 anaika Judge patsogolo, awiri okha Ohtani. Ine ndikanakhala wachitatu.