Kodi theorem prover ingatsimikizire fault tree ya mabuleki a chikepe cha mumgodi?

Mwale wa ku Germiston:

Moni nonse. Ndimagwira ntchito pa kampani ina kuno ku Joni yokonza makina oyendetsa zikepe za m'migodi, ndipo mbali yanga ndi kujambula fault tree, chithunzi chija chimayambira pamwamba ndi ngozi imene tikuiopa, monga chikepe kukanika kuima, n'kumatsika nthambi ndi nthambi mpaka kukafika pa valavu, sensa kapena waya amene angaiyambitse. Masamu ake timawerengera pa pulogalamu yogula, ndipo nthawi zina timayeserera ndi njira ya Monte Carlo. Tsopano akuluakulu athu amva kuti ena akugwiritsa ntchito theorem prover, pulogalamu ya pa kompyuta yotsimikizira umboni wa masamu, monga HOL4 kapena Isabelle, ndipo akufuna kuti nafenso tiyambe. Ndikufuna kudziwa kuti chimene chimatsimikizidwa n'chiyani kwenikweni, komanso ngati phindu lake likufanana ndi nthawi imene ntchitoyi imadya.

Nabanda wa ku Braamfontein:

Achimwene, kusiyana kwake kuli apa. Monte Carlo imayesa maulendo ambirimbiri n'kukupatsani nambala yoyandikira, koma ngozi imene imachitika kamodzi pa miliyoni ikhoza osaoneka n'komwe m'mayeso onsewo. Pulogalamu yogulayo nayonso inalembedwa ndi anthu, ndipo inu simuona mmene ikufupikitsira masamu mkati mwake. Mu theorem prover mumalemba tanthauzo la geti ya AND (ngozi imachitika nthambi zonse zikalephera pamodzi), la geti ya OR (ngozi imachitika ngakhale nthambi imodzi yokha ikalephera) ndiponso malamulo a probability (mwayi woti chinthu chichitike) m'chinenero cha logic, kenaka mumasonyeza sitepe ndi sitepe kuti fomyula ya ngozi ya pamwamba ikuchokeradi mu mtengo wanuwo, fault tree ija. Kompyuta siivomera sitepe imene ilibe maziko. Zotsatira zake zimagwira pa nambala zilizonse zimene mungaikemo, kotero mukasintha valavu n'kuika ya mtundu wina simuyambiranso umboni. Akatswiri ofufuza Waqar Ahmad ndi Osman Hasan anachita ntchito yotere mu HOL4.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri n'chakuti chida chimenechi chimakukakamizani kulemba poyera chilichonse chimene mwangochiganizira. Simungachulukitse nambala ziwiri pa geti ya AND musanalembe kuti zinthu ziwirizo zimawonongeka chilichonse pachokha, ndipo mukalemba, wina aliyense akhoza kukufunsani ngati zilidi choncho.

Chirwa wa ku Carletonville:

A Nabanda afotokoza bwino, koma mundilole ndiwonjezere monga munthu amene wakalambira pa migodi. Tiyerekeze kuti buleki iliyonse mwa awiri imakanika kamodzi pa 1,000. Pa pepala, onse awiri kukanika pamodzi ndi kamodzi pa 1,000,000, ndipo theorem prover ivomera kuti masamuwo ndi olondola. Koma pitani m'nyumba ya injini mukaone ndi maso: mwina mabuleki onse awiri akumwa mafuta mu thanki imodzi, mafutawo ali ndi zinyalala, ndipo amene anamanga mavalavu onse ndi munthu mmodzi pa shifiti imodzi ya usiku. Zikatero nambala ya miliyoni ija ilibenso ntchito, ngakhale umboni wake ulibe cholakwika.

Roketi ya Ariane 5 inaphulika pa 4 Juni 1996 pasanathe mphindi imodzi chinyamukire, chikhalirecho inali ndi makompyuta awiri oyeza kayendedwe kake. Onse awiri anali ndi pulogalamu imodzimodzi yochokera ku roketi yakale ya Ariane 4, ndipo onse anagwa pa vuto limodzi losintha nambala ya mabiti 64 kukhala ya mabiti 16, pamene nambalayo inakula kuposa malo oisungira. Kuno kwathu, pa 10 Meyi 1995 ku mgodi wa Vaal Reefs, injini ya sitima ya pansi pa nthaka inagwera mu shafuti n'kuphwanya chikepe, ndipo anthu 104 anamwalira. Mtengo wojambulidwa pa mabuleki a chikepe okha sukanakhala ndi nthambi ya sitima imeneyo, ndipo palibe kompyuta imene ingatsimikizire nthambi imene munthu sanaijambule. Chikepe cha ku Mponeng, mgodi wozama pafupifupi makilomita 4, chimanyamula abambo a eni, n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Mwale wa ku Germiston:

Zikomo Bambo Chirwa, mfundo ya thanki imodziyo yandikhudza chifukwa ndi mmene makina ena akale amene timawakonzanso analumikizidwira. Ndiye kodi tinene kuti ndi bwino kungoisiya njirayi?

Nabanda wa ku Braamfontein:

Ayi, musaisiye, koma muyambe ndi kachigawo kakang'ono, chifukwa ntchitoyi ndi yolemetsa. Pamene gulu la ku Australia linatsimikizira seL4, pulogalamu yapakati yoyendetsa kompyuta, mu Isabelle m'chaka cha 2009, mizere ya pulogalamuyo, ya m'chinenero cha C, yosakwana 10,000 inafuna mizere ya umboni pafupifupi 200,000. Mtengo wa mabuleki ndi waung'ono kuposa pamenepo, komabe munthu amafunika miyezi kuti azolowere chidacho. Muyezo wa IEC 61508, wonena za chitetezo cha makina oyendetsedwa ndi magetsi kapena kompyuta, umalimbikitsa kwambiri njira zoterezi pa SIL 4, mlingo wake wapamwamba kwambiri wa chitetezo, choncho sankhani nthambi imodzi imene kulephera kwake kungaphe anthu. Nkhawa ya Bambo Chirwa muilowetse mu mtengo momwemo, poika thanki ya mafuta ngati nthambi payokha pansi pa geti ya OR, kapena pogwiritsa ntchito beta factor, nambala yoyerekeza kuwonongeka kwa zinthu pamodzi chifukwa cha vuto limodzi, imene ili mu gawo 6 la muyezo womwewo. Mukatha, sindikizani mndandanda wa zongoganizira zonse zimene theorem prover yakukakamizani kulemba, mupite nawo kwa mafitala ndi oyendetsa chikepe, ndipo muwawerengere chimodzichimodzi kuti akuuzeni zimene sizikugwirizana ndi makina amene iwo amawagwira tsiku ndi tsiku.