Za katemera wa amayi anga: adokotala atiyankha

Abale, paja ndinafunsa ngati amayi anga, amene amamwa methotrexate chifukwa cha nyamakazi ya rheumatoid arthritis, angabayitse katemera. Tinapita nawo kuchipatala cha Kamuzu Central ndipo tayankhidwa.

Adokotala akuti pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mafupa a mwiniwake, ndiye mankhwala amachifooketsa dala. Vuto n'loti katemera amadaliranso chitetezo chomwecho kuti thupi lipange asilikali olimbana ndi matenda. Katemera wa COVID-19 kapena wa chimfine alibe choopsa kwa iwo, kungoti mphamvu yake imatha kuchepa. Ena amauzidwa kuimitsa methotrexate masabata 2 akabayitsa, ngati matenda ali phee. Amayi zala zikadali zotupa, m'mawa amalephera ngakhale kumanga chitenje, choncho awauza kuti asaimitse, angobayitsa.

Wosayenera kwa iwo ndi katemera wokhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever.

Inu mayi amene munati mumalandira mankhwala otchedwa rituximab, chonde musangotengera za ife. Mankhwala amenewo amachotsa maselo a B, opanga asilikali aja, kwa miyezi 6 kapena kuposa. Funsani adokotala anu tsiku loyenera kubayitsa. Kawirikawiri amasankha nthawi imene mwatsala pang'ono kulandiranso rituximab.