Magazi aundana pa vavu yachitsulo ya mayi amene akumwa mankhwala a TB

Dokotala wa pachipatala cha boma: Anzanga, ndikupempha nzeru. Tagoneka mayi wa zaka 27 amene anamuika vavu yachitsulo ya mitral (chitseko cha mkati mwa mtima choletsa magazi kubwerera m'mbuyo) ku India zaka zitatu zapitazo. Akupuma mobanika, sakutha kugona chagada, ndipo iye mwini wanena kuti kaphokoso ka vavu kamene amakamva pachifuwa usiku kazilala. INR yake, muyezo wosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, ndi 1.3 pamene iyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Akunenetsa kuti sanadumphepo warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, koma mwezi watha anayamba mankhwala a TB.

Wa ku famase: Adokotala, gwero lake ndi rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amene amachititsa chiwindi kuphwanya warfarin mofulumira kwambiri, moti odwala ambiri amafunika mlingo wowirikiza kawiri kapena kuposa. Chondidetsa nkhawa china n'chakuti akadzamaliza mankhwala a TB, INR idzakwera m'masabata otsatira, ndipo mlingo ukapanda kutsitsidwa akhoza kutaya magazi. Chonde musamusinthire ku rivaroxaban kapena dabigatran, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, pofuna kuzemba vutoli. Kafukufuku wa RE-ALIGN, wa odwala okhala ndi mavavu achitsulo, anaimitsidwa asanathe chifukwa omwa dabigatran ankagwidwa sitiroko ndi kutaya magazi kuposa omwa warfarin.

Katswiri wa mtima: Mawu a wodwalayo akuti vavu yasiya kulira ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa iyeyo ndiye amaimva tsiku ndi tsiku. Muyambe heparin wa m'mtsempha (woletsanso magazi kuundana) tsopano, mumupime ngati ali ndi mimba, ndipo mumutumize kuno lero. Pa echo (kuunika mtima ndi makina) tiona ngati chatsekereza vavu ndi magazi oundana kapena pannus, kamnofu komera pang'onopang'ono kamene sikasungunuka ndi mankhwala, ngakhale kuti INR yotsika chonchi komanso kudwala kwa masiku ochepa zikuloza ku magazi oundana. Wodwala wobanika kwambiri amayenera opaleshoni, koma pamene ili yosatheka msanga timapereka mankhwala osungunula magazi oundana a alteplase 25 mg pang'onopang'ono kwa maola 6, titaimitsa heparin, monga anachitira madokotala a ku Turkey. Abale auzidwe mosabisa kuti chidutswa cha magazi oundanawo chikhoza kuthothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, kapena magazi kutuluka m'mutu.

Dokotala wa pachipatala cha boma: Zikomo kwambiri. Alibe mimba, ndipo manja, miyendo ndi kalankhulidwe zili bwino. Heparin tayamba, ambulansi inyamuka masana ano, ndipo m'kalata ndalembamo tsiku limene anayamba rifampicin.