Shuga wa anthu a ku fakitale ndi thumba la maliro

Lachiwiri m'mawa

Bambo a Yamikani: Mwadzuka bwanji nonse. Monga mwamvera, apongozi anga atisiya usiku wathawu ku chipatala, ndipo tiika mawa. Ndapita kwa amsungichuma kukatenga K40,000 ya chipepeso monga mwa malamulo a banki khonde yathu, koma andipatsa K26,000, akuti ndi yomwe yatsala. Loweruka alembi anawerenga K96,000 tonse tikumva. Wina andimasulire.

Anaphiri (wapampando): Pepani kwambiri achimwene, Mulungu akutonthozeni inu ndi mayi akunyumba. Za ndalamazo dikirani ndifunse kaye.

Make Junior: Pepani bambo. Koma apampando, mufunsa kuti? Amsungichuma ali mugulu momwe muno, ndipo ndikuona kuti awerenga.

Make Chikondi (msungichuma): Ndawerengadi, sindikuthawa. Pepani bambo a Yamikani. Ndalamayo sindinadye. Lolemba ndinatapa K70,000 n'kupita ku Limbuli kukagula mphatso ya anthu a ku fakitale ya tiyi ija tinakambirana. Katundu yense ali m'nyumba mwanga, wofuna kuona abwere.

Make Junior: Tinakambirana kapena tinagwirizana? Alembi, tiwerengereni za m'kope.

Bambo a Tadala (mlembi): Ndikopera momwe ndinalembera. "Ganizo lothokoza antchito a ku fakitale lalandiridwa. Komwe ndalama ichokere tidzakambirana Loweruka likudzali." Basi, palibenso china.

Make Junior: Mwamva?

Make Chikondi: Lamulungu madzulo ndinawaimbira apampando. Anandiuza kuti pitani ku Limbuli mukaone.

Anaphiri: Ndinaterodi. Koma ine ndimati mukaone mitengo, tidzabwere nayo pamsonkhano. Sindinati mukatape.

Make Chikondi: Mayi, munthu angalipire kabaza kupita ndi kubwera kungokaona mitengo? Mtengo mukauona Lolemba, Loweruka mukaupeza wina. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani anaonapo shuga akudikira munthu? Komanso masamba ayamba kuchepa, anyamata a sizoni awaimitsa kumapeto a mwezi uno. Ambiri mwa omwe anatithandiza ndi a sizoni omwewo, ena kwawo n'ku Phalombe, ena kutsidya kwa Muloza. Tikanachedwa tikanathokoza ndani?

Bambo a Yamikani: Zonsezo ndamva mayi. Koma ine pano ndine mkamwini. Eni mbumba akundiyang'ana kuti bokosi libwera liti, kalipentala akufuna ndalama ya matabwa isanakwane 12 koloko. Ndikawauze kuti ndalama ili mu shuga?

Make Junior: Ndiye pomwe pali nkhani pamenepo. K500 imene timaponya sabata ndi sabata ija ndi ya matenda ndi maliro. Chakudza sichiimba ng'oma, n'chifukwa chake thumbalo sitiligwira ngakhale munthu alire bwanji kuti akufuna ngongole. Ine chaka chatha munandikaniza K10,000 ya fizi ya mwana, munati si zadzidzidzi. Ndinavomera. Lero shuga wasanduka zadzidzidzi?

Komanso ndinene chomwe ena akuopa kunena. M'gulu muno tilipo 20. Olima tiyi ndinu 11. Ife 9 timagulitsa nanazi, mandasi, nthochi, ena kaunjika. Fakitaleyo ine inandichitira chiyani? Nanazi zanga zikaola pamsewu, alipo wa ku fakitale amabwera kudzandipepesa?

Bambo a Fatsani: Achemwali, mandasi anu pa geti paja amagula ndani tsiku la malipiro?

Make Junior: Amagula ndi ndalama, ine ndimawapatsa mandasi. Tathana pompo. Inu khalani chete, ndinu amene munawanyamula pa njinga yamoto.

Bambo a Fatsani: Ndinanyamula kasitomala. Sindifunsa munthu komwe watenga ndalama.

Bambo a Tadala: Tiyeni tione masamu kaye tisanapse mitima. Amsungichuma, tipatseni mndandanda.

Make Chikondi: Shuga mapaketi 12 pa K3,500, ndi K42,000. Sopo wochapira 12 pa K1,500, ndi K18,000. Kabaza K4,000. Yodula potapa kwa ejenti wa Airtel Money K2,000.

Bambo a Tadala: Zikukwana K66,000. Munatapa K70,000. K4,000 ili kuti?

Make Chikondi: Majumbo okulungira, ndi mnyamata wonyamula katundu mumsika, komanso ndinadya chipisi chifukwa ndinachoka osadya kanthu. Risiti ya zimenezo ndilibe. Ngati ndi mlandu ndibweza.

Make Junior: Chipisi cha ndalama ya maliro.

Anaphiri: Make Junior, chonde.

Bambo a Lonjezo: Ndipempheko mpata. Ndakhala chete chifukwa ndinali kumunda, ndangowerenga zonse tsopano. Pepani bambo a Yamikani. Pa ndalama sinditsutsa, thumba lija silinayenera kugwiridwa. Koma mawu akuti anthu aja sanachite kanthu andiwawa, chifukwa ine ndagwira m'fakitale muja zaka 9, ku makina oumitsa, ndipo ndikudziwa chomwe anataya.

Amene simulima tiyi mwina simudziwa kuti tsamba likathyoledwa siligona pakhomo. Mukalisiya m'thumba lopanikizika limatentha lokha, limafiira, ndipo likafika pa sikelo amalikana. Liyenera kukafika tsiku lomwelo, aliyanike m'zikwawa zija zopemerera mphepo kuti lifote usiku wonse, m'mawa lilowe m'makina odula, lisinthe mtundu, kenako liume ndi moto. Ntchito imeneyi siima nyengo ya dzinja, anthu amasinthana usana ndi usiku. Ndiye mu February muja kamlatho kathu katakokoloka, kaja kanafooka kale ndi Freddy mu March 2023, thirakitala inkaima kutsidya. Dalaivala akanatha kubwerera, palibe akanamuimba mlandu. Koma anabwera ndi anyamata omwe anali atangoweruka shifiti ya usiku, osagona, n'kumaolotsa matumba athu pamutu madzi ali m'chifuwa. Masiku atatu. Palibe anawalembera ovataimu, ndinawafunsa. Ndipo ndi mwezi womwe tchire la tiyi limaphuka kwambiri, ndalama ya chaka chonse imachokera pamenepo.

Tsono Make Junior, ndalama ya masamba amenewo ndi yomwe ife 11 tinabwezera ngongole za mu March pamodzi ndi chiwongola dzanja. Tikanalephera, pogawana mu December sheya yanu ikanaonda limodzi ndi yathu.

Make Junior: Zimenezo ndamva bambo, ndipo sindinadziwe kuti anali osagona. Koma mukanabwera nazo Loweruka, n'kundipempha, mwina ndikanaponyapo yanga ndi manja awiri. Kupempha ndi kutenga n'zosiyana.

Bambo a Lonjezo: Pamenepo sindikutsutsani.

Agogo aNambewe: Ndine mdzukulu wawo, ndikulemba zomwe akunena. Akuti iwo amasunga kiyi mmodzi wa bokosi chiyambire gulu, ndipo palibe tsiku bokosi linatsekulidwa iwo palibe. Akuti chiyambireni zoika thumba la maliro pa foni poopa akuba aja anathyola kwa alembi, makiyi atatu asanduka chala chimodzi. Akuti wolakwa si Make Chikondi yekha, ndi tonse amene tinavomera kuti nambala yachinsinsi adziwe munthu mmodzi. Akutinso maliro ali pabwalo, milandu idikire, mlandu suola.

Bambo a Yamikani: Zikomo agogo.

Anaphiri: Agogo anena zoona. Ndiyambe ndine, chifukwa mawu anga ndi omwe anali ndi mbali ziwiri. Yoperewera ndi K14,000. Ine nditumiza K10,000 yanga pompano, gulu lidzandibwezera. Make Chikondi, K4,000 ija tumizani kwa bambo a Yamikani.

Make Chikondi: Ndatumiza. Onani foni bambo.

Bambo a Yamikani: Zonse ziwiri zalowa. Ndathamangira kwa kalipentala.

Lachiwiri madzulo

Bambo a Tadala: Tibwerere ku nkhani ija kuti Loweruka tisakachezere. Thumba pakadali pano lili pa ziro. Linayenera kukhala ndi K56,000 titachotsa chipepeso. Ganizo langa ndi ili: ife 11 olima tiyi tisonkhe K6,000 aliyense, ikwana K66,000. Tibweze K10,000 ya apampando, K56,000 ibwerere m'thumba. Mphatsoyo ikhale yathu alimi, osati ya gulu.

Make Junior: Apo ndiye mwalankhula.

Bambo a Madalitso: Ine ndine mmodzi wa 11 amenewo, koma ndisanatulutse kobiri ndione maina. Anthu 12 amenewa ndani anawasankha?

Make Chikondi: Ndinafunsa dalaivala wa thirakitala. Iyeyo, anyamata ake awiri okweza matumba, anyamata asanu ndi awiri a shifiti ya usiku, bambo a kwathu, ndi kalaliki wa pa sikelo.

Make Junior: Bambo a kwanu? Eee. Ndiye paketi imodzi ingochoka kuchipinda n'kupita kukhitchini.

Make Chikondi: Ndimadziwa kuti mutero. Funsani aliyense amene anali pamtsinje.

Bambo a Lonjezo: Analipo masiku onse atatu, ndipo ndi amene anamanga chingwe chogwirira. Tsiku lachitatu anachekedwa phazi ndi lata. Ameneyo musamuchotse chifukwa choti anakwatira msungichuma.

Make Junior: Chabwino, ndabweza mawu.

Bambo a Madalitso: Vuto langa si limenelo. Ndi kalaliki. Munthu ameneyo ananyamula thumba liti? Anakhala pansi pa ambulera kutsidya ndi kope lake. Ndipo sabata yathayi wandibwezera matumba awiri akuti masamba okhwima, pomwe mkazi wanga amathyola awiri ndi nsonga monga anatiphunzitsira alangizi. Ine ndimupatse shuga?

Bambo a Fatsani: Mwina mukamupatsa asiya kukubwezerani.

Bambo a Lonjezo: Achimwene, nthabwala imeneyo ndi yomwe ingatipweteke. Kalaliki ndi amene amalemba makilogalamu athu. Mlimi akamupatsa kanthu, kaya ndi mtima woyera, alimi a kalabu ina akamva adzati a uko agula sikelo. Zikafika ku ofesi munthuyo ntchito yatha, ife tidzatchuka ndi ziphuphu. Ndinaonapo mnzathu akuchotsedwa chifukwa cha nkhuku imodzi. Kalaliki achoke pamndandanda, osati chifukwa cha matumba a bambo a Madalitso, koma pomuteteza iye yemwe.

Make Chikondi: Koma anadikira mpaka mdima masiku onse aja, sikelo sanatseke pa nthawi yake. Tikamudumpha poyera si ndiye timupsetsa mtima? Mawa lomwe tikamupeza pa shedi.

Anaphiri: Tikamuthokoza pakamwa, anthu onse akumva, ndipo tikanena chifukwa chake sitikumupatsa kanthu. Munthu wanzeru amvetsa.

Bambo a Madalitso: Pakamwa mukathokoze inuyo. Ine ndikaima kumbuyo.

Bambo a Tadala: Nanga paketi yotsalayo?

Bambo a Lonjezo: Pali mkulu wina woponya nkhuni za bulugama ku boila. Usiku umene masamba athu anafika mochedwa, anapitiriza shifiti yachiwiri kuti moto usazime. Palibe mlimi amamudziwa nkhope chifukwa satuluka kunja. Ndikamufufuza dzina kwa kapitawo.

Make Junior: Ameneyo ndimamudziwa ine, amagula mandasi awiri m'bandakucha ali bii ndi mwaye. Kwa iyeyo ndiwonjezera nanazi ziwiri zanga. Musandiwerengere mu K6,000 yanuyo.

Anaphiri: Ndiye tisakapereke mobisa kumakomo. Bambo a Lonjezo, mukapemphe kwa akuluakulu a fakitale kuti atilole kupereka pa geti masana, anthu akusinthana shifiti, mwezi usanathe.

Bambo a Lonjezo: Ndipita Lachinayi, tikaika maliro.

Bambo a Tadala: Yatsala nkhani ya chindapusa. Lamulo lathu limati wogwira ndalama ya gulu popanda msonkhano alipire K2,000.

Make Chikondi: Ndilipira. Koma ndinene kuti zandiwawa. Zaka zinayi ndasunga ndalama zanu, sipanasowe ngakhale K50. Lero ana anga amva kuchigayo kuti amayi awo adya za maliro. Amene watulutsa nkhani ya muno akudzidziwa. Ngati simundikhulupiriranso, Loweruka musankhe wina.

Make Junior: Si ine, ndalumbira. Ine ndimanena pamaso. Ndipo sindinati ndinu wakuba, ndinati munadumpha gulu.

Anaphiri: Palibe akusankha wina. Chindapusacho tigawana, ine K1,000 inu K1,000, chifukwa "mukaone" uja anatuluka pakamwa panga.

Agogo aNambewe: Mdzukulu uja. Akuti simu khadi ya thumba izigona m'bokosi la makiyi atatu, izituluka pamsonkhano pokha kapena pakagwa zovuta, osunga makiyi onse alipo. Akuti akapanda kumva zimenezi Loweruka, kiyi wawo abweza.

Bambo a Tadala: Ndalemba, ikhala mfundo yoyamba.

Bambo a Madalitso: K6,000 yangayo ndipereka kawiri, K3,000 Loweruka, yotsala akatilipira masamba a mwezi uno.

Bambo a Tadala: Ena 10 mwamva? Wofuna kupereka kawiri anene lero, ndisadzavutike ndi kope.

Bambo a Fatsani: Inenso kawiri.

Make Junior: Inu simulima tiyi, mukupereka chiyani?

Bambo a Fatsani: Ndikubweza K2,000 pa ya kabaza ija. Mafuta okha ndi omwe sindingabweze.

Bambo a Tadala: Ndiye masamu asinthanso. Ndiwerengera usiku uno, ndikuuzani mawa.

Anaphiri: Mawa tonse kumaliro 8 koloko. Amayi aliyense mbale ya ufa ndi mtolo wa nkhuni, abambo makasu akumanda. Make Chikondi, shugayo muike pamwamba, nyerere za kwanu ndimazidziwa.

Make Chikondi: Ali mu ndowa yovundikira. Ufa wanga ndipatsira Chikondi, ine ndibwera mochedwerako, ndikamange kaye phazi la bambo ake.